Mmene mungayambire kutsatira mpikisano wa mahatchi

Ambirife tinakula tikudziwa ng'ombe, mbuzi ndi abulu. Hatchi tinkangoiona pa chithunzi, mwina n'kuimva ikutchulidwa m'Baibulo. Ndiye ukafika ku Durban, ku Harare kapena ku England n'kupeza chikhamu cha anthu chikukuwa mpaka kusasa mawu chifukwa cha nyama zomwe zathamanga mphindi ziwiri zokha, umangoti izi n'za eni dziko. Inenso ndinkaganiza choncho. Ulendo woyamba kuonera pa TV ndinangoona mahatchi ofiirira ofanana onse, anthu ochepa thupi ovala zowala atanyonyomala pamsana, ndi wolengeza akutchula mayina mothamanga. Palibe chomwe ndinatolapo.

Zinthu zinasintha nditasiya kuyang'ana gulu lonse n'kusankha hatchi imodzi yoti ndiziitsatira. Ndinadziwa bambo wake ndi mayi wake, amene amaiphunzitsa, mtunda womwe imakonda, ndi chomwe chinaigwetsa ulendo wapitawo. Kuyambira pamenepo mpikisano uliwonse unakhala chigawo chotsatira cha nkhani yomwe ndikuidziwa kale. Malangizo awa atsamira pamenepo, ndipo sakufuna kuti mubetche ngakhale tambala imodzi.

Choyamba, idziweni nyamayo

Mahatchi a mpikisanowu ndi a mtundu umodzi wotchedwa Thoroughbred. Anaupanga ku England pokweretsa mahatchi aakazi a komweko ndi mphongo zochokera kumayiko a Aluya ndi madera oyandikana nawo. Mukalondola mzere wa kuchimuna wa hatchi iliyonse yomwe ikuthamanga lero, mukafika kwa imodzi mwa mphongo zitatu: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, zomwe zinalowa mu England kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1700. Mahatchi ambiri a lero ndi zidzukulu za Darley Arabian kudzera mwa Eclipse, yobadwa mu 1764, yomwe inathamanga maulendo 18 osagonjapo. Kaundula wa mibadwo yawo, General Stud Book, anayambika mu 1791, ndipo mpaka pano hatchi siilembedwamo ngati makolo ake sanakwerane mwachilengedwe.

Kwa ife amene timayamba tafunsa mfunda wa munthu tisanacheze naye kwambiri, zimenezi sizovuta kumvetsa. Koma musatengeke ndi dzina la bambo lokha. Mphongo yotchuka imatha kukwera mahatchi aakazi oposa 100 pa chaka, ndipo mwa ana onsewo muli abwino ndi achabechabe omwe. Mayi amabala mwana mmodzi pa chaka. Mukapeza mayi amene ana ake awiri kapena atatu apambanapo, wachinayi akamatuluka muzimuyang'anitsitsa.

Zaka zawo amawerenga modabwitsa pang'ono. Ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Australia hatchi iliyonse imawonjezera chaka pa 1 Ogasiti, kaya inabadwa tsiku liti. Kumayiko a kumpoto, monga Britain ndi America, ndi pa 1 Januwale. Imayamba kupikisana ili ndi zaka ziwiri, ndipo chaka chachitatu ndicho chimaonetsa ngati ili ya pamwamba. Mawu anayi achingerezi muwasunge, chifukwa mudzakumana nawo paliponse: colt ndi yamphongo yaing'ono, filly ndi msoti, mare ndi yaikazi yokhwima, gelding ndi mfule. Mifule imakhalitsa pa mpikisano chifukwa palibe amene amaithamangitsira kukabereketsa, choncho ndi yabwino kwa munthu wofuna hatchi yoitsatira zaka zingapo.

Chachiwiri, sankhani bwalo limodzi ndi kalendala imodzi

Mpikisano umachitika pafupifupi tsiku lililonse kwinakwake pa dziko, ndipo wofuna kuona zonse amatopa mwezi usanathe. Yambani ndi kumene muli pafupi.

Ngati muli ku Joni, chaka chimazungulira mizinda itatu. Ku Johannesburg kuli Turffontein, bwalo lakale la mu 1887, komwe Summer Cup imachitika chakumapeto kwa Novembala. Mu Januwale maso onse amatembenukira ku Kenilworth ku Cape Town, komwe kumakhala King's Plate ya mamita 1600, yomwe inayamba mu 1861 ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika kuti Queen's Plate, kenako Met ya mamita 2000. Nyengo yozizira ikafika makola akuluakulu amatengera mahatchi awo ku KwaZulu-Natal, ndipo pachimake pake ndi Durban July ku Greyville, Loweruka loyamba la Julayi, mamita 2200, mpikisano womwe unayamba mu 1897. Palinso mabwalo a Vaal, Scottsville ku Pietermaritzburg, Durbanville, ndi Fairview ku Gqeberha. Abale a ku Harare muli ndi Borrowdale Park, kwawo kwa Castle Tankard ndi OK Grand Challenge.

Amene muli ku Britain yambani ndi mipikisano isanu ya mahatchi a zaka zitatu: 2000 Guineas ndi 1000 Guineas ku Newmarket, Oaks ndi Derby ku Epsom, ndi St Leger ku Doncaster mu Sepitembala. Derby inayamba mu 1780, St Leger mu 1776. Mu Juni kumabwera Royal Ascot, masiku asanu. Zambiri mwa izi zimaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ITV, ndipo nyuzipepala ya Racing Post imakhala ndi ndandanda ya tsiku lililonse. Ku South Africa yofanana nayo ndi Sporting Post. Amene muli kumudzi, mipikisano ikuluikulu imaikidwa pa YouTube ikangotha, ndipo mphindi ziwiri kapena zitatu sizidya bandulo yambiri.

Masiku ena angapo ndi a dziko lonse, muwalembe: Dubai World Cup ku Meydan, Kentucky Derby Loweruka loyamba la Meyi, Prix de l'Arc de Triomphe ku Paris Lamulungu loyamba la Okutobala, ndi Melbourne Cup Lachiwiri loyamba la Novembala.

Chachitatu, mvetsani makwerero

Hatchi yomwe sinapambanepo imatchedwa maiden, ndipo imathamanga ndi zinzake zotero. Ikapambana, kawirikawiri imalowa mu handicap. Pamwamba pali Listed, kenako Grade 3, Grade 2 ndi Grade 1, zomwe ku Ulaya amati Group. Hatchi yopambana Grade 1 ngakhale kamodzi kokha dzina lake silifufutika.

Handicap ndi yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa mipikisano yambiri ya pakati pa sabata ndi yotero, ngakhalenso Durban July imene. Pali katswiri wa bungwe loyang'anira masewerawa amene amapatsa hatchi iliyonse nambala malinga ndi mmene yakhala ikuchitira. Ku South Africa amati merit rating. Ya nambala yaikulu imasenza katundu wolemera, ya nambala yaing'ono wopepuka, n'cholinga choti zonse zikhale ndi mwayi wofanana. Katunduyo ndi wokwera, chishalo, ndi timapale ta mtovu tomwe amaika m'kansalu pansi pa chishalo ngati wokwerayo wapepuka. Ku South Africa nambala imodzi ndi theka la kilogalamu. Mungadabwe kuti makilogalamu awiri angasinthe chiyani pa nyama yolemera pafupifupi 500. Koma aliyense amene anasenzapo thumba la chimanga kuchokera kumunda akudziwa kuti kulemera sikumveka ponyamuka, kumamveka pofika. Pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola, pa mamita 200 omaliza, makilogalamu awiriwo amaoneka.

Chachinayi, phunzirani kuwerenga kakhadi ka mpikisano

Apa ndi pomwe ambiri amabwerera, chifukwa tsambalo limadzaza manambala ngati lipoti la kubanki. Musaliwerenge lonse nthawi imodzi. Tengani mpikisano umodzi wa mahatchi ochepa, asanu ndi atatu kapena khumi, ndipo muyende motere.

Onani kaye mutu: mtunda, gulu la mpikisano, ndi pomwe akuthamangapo, kaya pa udzu kapena pa mchenga wopanga wotchedwa polytrack. Kum'mwera kwa Africa mtunda amayeza m'mamita. Ku Britain ndi ku America amayeza mu furlong ndi mailosi, ndipo furlong imodzi ndi mamita 201, choncho furlong zisanu ndi pafupifupi mamita 1000. Mahatchi a mamita 1000 mpaka 1200 ndi aliwiro lamoto, matako akuluakulu, sachedwa kutopa. A mamita 2400 kupita m'tsogolo ndi opirira, nthawi zambiri owonda ndi ataliatali. Hatchi yomwe yapambana pa 1200 musaiyembekezere kuchita chimodzimodzi pa 2000 popanda umboni.

Kenako pafupi ndi dzina la hatchi pali mndandanda wa manambala, mwachitsanzo 4312. Amenewo ndi malo omwe inamaliza m'mipikisano yapitayi, ndipo ya kumanja kwenikweni ndi yaposachedwa. Ziro akutanthauza kuti inatsalira kunja kwa asanu ndi anayi oyamba. Manambalawa amanamiza mukawatenga okha. Hatchi yomwe yakhala yachisanu pa Grade 1 ikhoza kukhala yoposa kutali ina yomwe yapambana katatu pa mipikisano yaing'ono. Funsani nthawi zonse kuti inagonja kwa yani, ndipo inatsalira bwanji. Kutsalirako amayeza ndi utali wa thupi la hatchi, kenako khosi, mutu, mpaka mphuno.

Pali nambala ina yotchedwa draw, yomwe ndi kachipinda koyambira. Pa bwalo lokhota kwambiri ngati Greyville, lomwe pakati pake pali bwalo la gofu ndipo njira yake yowongoka yomalizira ndi yaifupi, hatchi yoyambira kunja kwenikweni imayenda mtunda wautali kapena imakakamizika kutsalira m'mbuyo kuti ipeze malo m'mphepete. Ku Turffontein, pa bwalo lalikulu, kuli chitunda ndi njira yomalizira yaitali, ndipo kumeneko yopirira imakhala ndi nthawi yobwezera. N'chifukwa chake ndinati musankhe bwalo limodzi. Mukalionera miyezi itatu mumayamba kudziwa khalidwe lake ngati mmene mlimi amadziwira mbali ya munda yomwe imasunga madzi.

Musaiwale nthaka. Mvula ikagwa udzu umafewa, ndipo pali mahatchi omwe amakondwa m'matope pomwe ena ziboda zawo zimafuna polimba. Mawu a good, soft ndi heavy akunena zimenezo. Pomaliza onani mphunzitsi ndi wokwera. Ngati pafupi ndi dzina la wokwera pali kanambala kochotsera, ameneyo akadali pa maphunziro, ndipo hatchi yake imachotseredwa katundu, ku South Africa mpaka makilogalamu 4, pobwezera kuchepa kwa luso lake. Chilembo b kawirikawiri chimasonyeza kuti hatchi yavala zotchinga m'mbali mwa maso kuti isamacheukecheuke.

Mukamaliza, lembani pa pepala mahatchi atatu omwe mukuganiza kuti achita bwino, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Chifukwacho n'chofunika kuposa dzina.

Chachisanu, pitani ku bwalo

TV siingakupatseni kugunda kwa nthaka mahatchi khumi ndi awiri akamadutsa pamaso panu. Musayambe ndi tsiku la Durban July, pomwe anthu ambiri amabwerera zovala ndi maphwando ndipo hatchi simungaione bwino. Pitani tsiku wamba, pomwe m'mabwalo ambiri kulowa n'kotchipa kapena kwaulere.

Mukafika funsani komwe kuli parade ring, kabwalo komwe amayendetsa mahatchi asanakwezedwe. Imani pa mpanda, muyang'ane. Yathanzi ubweya wake umanyezimira, imaponda motakasuka, phazi lakumbuyo likufika kapena kupitirira pomwe lakutsogolo linaponda, makutu ali tcheru. Yomwe yatuluka thovu loyera m'khosi ndi pakati pa miyendo kunja kusakutentha, ikuvinavina ndi kukoka woigwira, mwina yatha mphamvu zake isanayambe n'komwe. Koma ziliko zina zomwe zimatero nthawi zonse n'kumapambanabe, ndipo zimenezo mungazidziwe pokhapokha mutaiona hatchiyo kangapo.

Muyang'anenso munthu amene waigwira chingwe. Ameneyo ndi wosamalira, amene amadzuka nayo kusanache, kuisambitsa, kuidyetsa, kuichotsera ndowe, ndi kuzindikira msanga ikatentha mwendo. Dzina lake silimveka pa zokuzira mawu ndipo malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyama yomwe wagwira. Hatchi yake ikapambana, muone mmene amathamangira kukailandira. Kwa ine chimenecho ndi chinthu chokoma kwambiri pa tsiku lonse.

Chachisanu ndi chimodzi, onerani kawiri

Ulendo woyamba tsatirani hatchi yanu yokha. Lowezani mtundu wa malaya ndi chipewa cha wokwera, chifukwa nambala siioneka patali. Malayawo ndi chizindikiro cha mwini hatchi, osati cha wokwera.

Ulendo wachiwiri, pa kanema wobwereza, siyani yopambana, muone zinazo. Ndani anatuluka mochedwa? Ndani anatsekeredwa kumpanda akufuna kudutsa? Ndani anazungulira kunja pa khona yonse? Onaninso liwiro la poyamba. Otsogola akathamanga mopambanitsa amafooka, ndipo ochokera kumbuyo amawadutsa ngati aima. Akayenda pang'onopang'ono, wotsogola amasunga mphamvu ndipo akumbuyo samupeza. Hatchi yomwe yamaliza yachinayi ikubwera mwamphamvu pa mpikisano woyenda pang'onopang'ono yachita bwino kuposa mmene nambala 4 ikunenera. Imeneyo ilembeni m'kope lanu.

Musathamangire kusangalala zotsatira zisanatsimikizidwe. Hatchi zikafika pamodzi amaona chithunzi cha pa mzere, ndipo nthawi zina zimalengezedwa kuti zafanana. Wokwera wina akadandaula kuti anapingidwa, oyang'anira amaonanso kanema ndipo akhoza kusintha malo. Okwera amayezedwanso pa sikelo akatsika.

Kope ndi nkhani zakale

Kope lija likhale laling'ono: dzina, tsiku, bwalo, mtunda, nthaka, ndi zomwe mwaona ndi maso anu. Mahatchi asanu akukwanira poyamba. Masamba ambiri a pa intaneti amalola kuika dzina la hatchi kuti akudziwitseni ikalembetsedwa kuthamanga.

Podikira, onerani akale, chifukwa anthu a ku bwalo amacheza za iwo ngati achibale. Yambani ndi Ipi Tombe, msoti wobadwira ku Zimbabwe, womwe unapambana Durban July mu 2002 uli m'manja mwa mphunzitsi Mike de Kock, chaka chotsatira n'kukagonjetsa mahatchi a mayiko ena pa Dubai Duty Free. Kuti mumvetse kukula kwa zimenezo, dziwani kuti kutulutsa hatchi kum'mwera kwa Africa n'kovuta kwambiri chifukwa cha matenda a African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono toluma, ndipo kwa zaka zambiri mahatchi ankakhala miyezi m'malo owapatula asanaloledwe kulowa mayiko ena. Pali Sea Cottage, yomwe munthu anaiwombera ndi mfuti mu 1966 kutatsala masabata ochepa kuti July ichitike. Inathamangabe chipolopolo chili m'thupi n'kumaliza yachinayi, ndipo mu 1967 inapambana mofanana ndi Jollify itasenza katundu wolemera kwambiri kuposa mnzakeyo. Pali mfule Pocket Power, wopambana Queen's Plate kanayi motsatizana ndi Met katatu. Ndipo onerani July ya 2013, pomwe S'manga Khumalo, atakwera Heavy Metal, anakhala wokwera wakuda woyamba kupambana mpikisanowo patatha zaka zoposa 100 chiyambireni. Anadzapambananso mu 2022 ndi Sparkling Water.

Kunja kwa Africa, funani Secretariat pa Belmont Stakes ya 1973, pomwe inasiya inzake ndi utali wa mahatchi 31, ndi Frankel pa 2000 Guineas ya 2011. Frankel inathamanga maulendo 14 n'kupambana onse.

Za kubetcha

Sindingabise: masewerawa amayendera ndalama za obetcha, ndipo paliponse pomwe mungaonere adzakukopani kuti muikepo kanthu. Manambala a kubetcha ali ndi phindu limodzi kwa wotsatira, amakuuzani zomwe anthu ambiri akuganiza. Hatchi ya 2/1 akuiyembekezera kwambiri, ya 33/1 ochepa okha. Yerekezani ndi zomwe munalemba pa pepala lanu, muone pomwe mwasiyana nawo ndi chifukwa chake. Zimenezo sizilira ndalama.

Koma manambalawo anakonzedwa kuti wolandira mabetcha azitsala ndi gawo lake, zivute zitani. Ndinaonapo m'bale wathu wina, munthu wolimbikira ntchito, akuyamba ndi tindalama tochepa Loweruka, kenako tsiku lililonse, mpaka ndalama ya lendi ndi yotumiza kwa ana kumudzi inathera momwemo. Mahatchi anali atasiya kuwaona, ankangoona manambala pa foni. Ngati mwasankha kubetcha, ikhale ndalama yomwe mukanagulira chakumwa, muipatule musanachoke pakhomo, ndipo ikatha musaithamangire. Wina akakuuzani kuti ali ndi hatchi yosalephera, musamumvere. Mukaona kuti mwayamba kubisira a kunyumba, funani thandizo msanga: ku Britain kuli GamCare, ku South Africa kuli National Responsible Gambling Programme.

Mbali yowawa

Tsiku lina mudzaona hatchi itaima mwadzidzidzi pakati pa mpikisano, anthu n'kuizinga ndi nsalu. Miyendo ya Thoroughbred ndi yowonda poyerekeza ndi thupi lomwe imanyamula, ndipo fupa likathyoka moipa nthawi zambiri madokotala amaigoneka tulo tosadzuka, chifukwa hatchi siingakhale miyezi itagona kapena itaimira miyendo itatu. Zimapweteka, ndipo wotsatira weniweni sayang'ana kumbali. Dziwani malamulo a chikwapu a dziko lomwe mukutsatira, chifukwa amaika malire a kamenyedwe ndipo wokwera wopyola amalangidwa. Ku South Africa oyang'anira ndi National Horseracing Authority, ku Britain ndi British Horseracing Authority, ndipo malipoti a oyang'anira a tsiku lililonse amaikidwa poyera. Mumapezamo hatchi yomwe inatuluka magazi m'mphuno, yomwe inabwerako ikutsimphina, yomwe inataya chitsulo cha kuphazi. Hatchi yanu ikachita moipa mosayembekezeka, yankho limakhala m'menemo kawirikawiri.

Ndipo ikasowa pa ndandanda kwa miyezi, fufuzani komwe yapita. Zina zimapita kukabereka, zina zimaphunzitsidwa ntchito yatsopano monga kulumpha mipanda kapena kukwezedwa ndi ana, ndipo makola ambiri masiku ano amalengeza zimenezi pa Facebook. Ngati sanalengeze, alembereni muwafunse mwaulemu, mutchule dzina la hatchiyo ndi tsiku lomwe munaiona komaliza.